Mwamuna Kapena Mkazi? Mbewu ya Bambo Ndiyo Imagamula

Mayi akabereka ana aakazi anayi motsatizana, m'mabanja ambiri zala zimaloza iyeyo. Apongozi amayamba kung'ung'udza, ndipo amuna ena mpaka amakasaka mkazi wachiwiri woti awabalire mlowam'malo. Zimenezi zimamveka kwambiri kumene mtundu umatsata bambo, monga kumpoto kwa Malawi. Kwa Achewa, kumene mbumba imakula kudzera mwa ana aakazi, wobereka anyamata okhaokha ndiye amadandaulitsa abale. Konseku mlandu umagwera mayi, chonsecho thupi lake silisankhapo kanthu.

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo, ndipo mkati mwa selo muli timaulusi 46 totchedwa makromozomu, tomwe timasunga malangizo a chibadwa: msinkhu, khungu, mtundu wa magazi, ngakhale mphuno yakumtundu ija. Timaulusiti timakhala tiwiritiwiri, magulu 23. Gulu lomaliza ndilo limasiyanitsa. Mkazi amakhala ndi X awiri, pomwe mwamuna amakhala ndi X mmodzi ndi kamnzake kakafupi kotchedwa Y.

Kholo lililonse limapatsira mwana theka la makromozomu ake, 23 basi. Poti mayi ali ndi X yekhayekha, dzira lake lililonse limanyamula X. Mbewu za bambo ndizo zili pawiri: theka zimanyamula X, theka Y. Mu umuna wotuluka kamodzi mumakhala mbewu mamiliyoni ambirimbiri, koma yolowa m'dzira ndi imodzi yokha. Ikakhala ya X, mwana ndi wamkazi. Ikakhala ya Y, ndi wamwamuna.

Komatu bamboyo asadzigugude pamtima, chifukwa nayenso sasankha. Zili ngati ndalama imene woimbira mpira amaponya m'mwamba masewero asanayambe: ikagwa mbali imodzi katatu, sizitanthauza kuti kachinayi itembenuka. Mwa mabanja okhala ndi ana anayi, pafupifupi limodzi pa 16 alionse limakhala ndi atsikana okhaokha popanda matenda kapena kulodzedwa. Padziko lonse anyamata amabadwa ochulukirapo pang'ono, pafupifupi 105 pa atsikana 100 alionse.

Amene anatulukira kuti mbewu ya bambo ndiyo imagamula anali mkazi. Mu 1905, Nettie Stevens wa pa Bryn Mawr College ku America ankaunika tizikumbu todya ufa pa makina okulitsa zinthu. Anaona kuti maselo a zazikazi ali ndi makromozomu 20 aakuluakulu, pomwe a zazimuna ali ndi 19 aakulu ndi kamodzi kakang'ono. Kakang'onoko ndi kamene lero timati Y. Mfumu Henry VIII ya ku England inamwalira kalekale isanamve nkhaniyi. Pofunitsitsa mwana wamwamuna inasiya mkazi wake woyamba, Catherine of Aragon, ndipo wachiwiri, Anne Boleyn, anadulidwa mutu mu 1536 pamilandu yomunamizira chigololo. Mwana wamkazi wa Anne, Elizabeth, anadzalamulira dzikolo zaka 44.

Chodabwitsa n'chakuti m'milungu yoyambirira ya mimba, kamwana kakamuna sikasiyana maonekedwe ndi kakakazi. Ziwalo zoberekera zimayamba mofanana. Cha m'ma sabata 6 kapena 7, kachigawo kamodzi ka pa Y kotchedwa SRY, komwe asayansi a ku London anakapeza mu 1990, kamayamba ntchito n'kulamula kuti ziwalozo zikhale zachimuna. Zikatero zimatulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa testosterone, ndipo thupi lonse limatsatira njira imeneyo. Popanda SRY, mwanayo amakula ngati mkazi. Mwa apo ndi apo kachigawoka kamalephera kugwira ntchito kapena kamasochera n'kukamamatira pa X, ndipo pamabadwa mtsikana wa XY kapena mnyamata wa XX.

Choncho pamene mayi akuyamba sikelo, nkhani imakhala itagamulidwa kale tsiku lomwe anatenga pakati. Mankhwala azitsamba, zakudya zamchere kapena kugonera kumanja sizingasinthe X kukhala Y. Njira yowerengera masiku imene dokotala wa ku America, Landrum Shettles, anatchukitsa m'zaka za m'ma 1960, yoti kukhala malo amodzi pafupi ndi tsiku lotuluka dzira kumabweretsa mnyamata, ikuzungulirabe pa WhatsApp, koma kafukufuku wotsatira sanaitsimikize. Sikani ya pa sabata 18 mpaka 20 imangoonetsa zomwe zilipo kale.

Si zamoyo zonse zimene zimatsata lamulo la anthuli. Kwa nkhuku, wogamula ndi thadzi, chifukwa ndilo lili ndi makromozomu awiri osiyana, Z ndi W, pomwe tambala ali ndi Z awiri. Ng'ona za mumtsinje wa Shire zilibe n'komwe X ndi Y. Zimakwirira mazira mumchenga, ndipo kutentha kwa chisacho ndiko kumagamula: pa madigiri 32 kapena 33 pamaswa zazimuna zambiri, chikazizirirapo pamaswa zazikazi.