MAIKOLOFONI, KHUTU LA WAILESI

Ana a ku Kalingalinga ndi a ku Mtendere audziwa bwino mseu wa Alick Nkhata, umene upitira pa nyumba za wailesi ya ZNBC. Mwini dzinali anabadwa m'caka ca 1922 namwalira mu 1978. Iye anali woyimba ndi wolengeza pa wailesi ya ku Lusaka, imene inayamba kuulutsa mau mu 1941. M'caka ca 1949 kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace linali masheleni 25. Kuyambira pamenepo anthu a m'makomboni ndi a ku midzi yakutali anayamba kumva mau a Nkhata ali khale m'nyumba zao. Koma mau ajawo asanayambe ulendo wao anali kulowa pa khomo limodzi laling'ono. Khomolo ndilo maikolofoni.

Mmene maikolofoni imamvera

Ikani cala pakhosi panu, nimunene kuti "aaa". Mudzamva kunjenjemera. Kunjenjemerako kumagwedeza mpweya, ndipo mpweya umagwedeza nembanemba ya m'khutu la mnzanu. M'kati mwa maikolofoni mulinso nembanemba yopyapyala. Mau akaigunda imanjenjemera, ndipo kunjenjemera kwace kumasandulika mphamvu ya magetsi imene wailesi ikhoza kuitumiza kutali.

Mau a besi, onga a ng'oma yaikuru, amanjenjemera pang'onopang'ono. Mau ang'ono, onga a likhweru, amanjenjemera msanga. Khutu la mwana likhoza kumva kunjenjemera kuyambira ka 20 kufikira ka 20,000 pa sekondi imodzi. Palibe maikolofoni imene imatola zonsezi mofanana. Yina ikonda besi, yina ikonda mau ang'ono. Ndico cifukwa cace munthu mmodzi yemweyo amamveka mosiyana akasintha maikolofoni.

Okonda wailesi

Pali anthu ena amene amasunga makina otumiza mau m'nyumba mwao, namalankhulana ndi anzao a m'maiko ena. Salandira malipiro ai, ndipo saloledwa kuulutsa nyimbo. Amacita ici cifukwa ca kukonda ndi kufuna kuphunzira. Pa Cingerezi nchitoyi ichedwa amateur radio. M'Zambia munthu wotere ayenera kutenga cilolezo ku bungwe la ZICTA. Ali yense ali ndi dzina lace la pa wailesi. Maina a m'dziko lino amayamba ndi 9J. Ufulu wa 1964 usanadze anali kuyamba ndi VQ2.

Woyimba afuna kuti mau ace akome, koma wokonda wailesi afuna kuti mau ace amveke. Zinthu ziwirizi sizifanana. Makina ace ali ndi mphamvu yocepa, ndipo njira ya mlengalenga imene apatsidwa ndi yopapatiza, pakuti ayendamo ndi anzace ambiri. Cotero amatumiza mau a pakati okha, kuyambira pa 300 kufikira pafupi 3,000 pa sekondi. Munthu wopalasa njinga ulendo wautali satenga cimanga ndi makoko omwe, amayamba wasenda. Momwemonso besi wambiri ndiye katundu wongolemetsa: amadya mphamvu koma sasenza tanthauzo.

Tanthauzo limakhala m'timau ting'onoting'ono. Taganizirani "kuponya" ndi "kuphonya", kapena "kusula" ndi "kufula". Kusiyana kwace kuli m'kampweya kakang'ono, ndipo maikolofoni yolira ngati mbiya imakameza. Pa maceza wamba kulakwa kotere kungoseketsa. Koma pa tsoka la cigumula kapena cibvomezi, pamene mafoni aleka kugwira nchito, okonda wailesi a m'maiko ambiri akhala akuthandiza kutumiza mithenga yopempha mankhwala ndi cakudya. Pamenepo liu limodzi losamveka likhoza kusoceretsa thandizo.

Mitundu isanu

Yoyamba ndiyo ya makala, imene Thomas Edison, Emile Berliner ndi David Hughes anaikonza m'zaka za 1877 ndi 1878. M'kati mwace muli timakala tosalala ngati mcenga. Nembanemba ikatipanikiza, magetsi amapita ambiri. Ikatimasula, amapita ocepa. Mau ace ndi amphamvu koma okhakhala, ndipo pansi pace pamamveka kuwayika ngati mafuta m'ciwaya. Inatumikira m'matelefoni zaka pafupifupi 100.

Yaciwiri ndiyo ya mcere, yopangidwa ndi kamwala ka mcere wochedwa Rochelle, kamene kamaturutsa magetsi kakapindika pang'ono. Okonda wailesi anaikonda kuyambira m'zaka za m'ma 1930, cifukwa mau ace ndi akuthwa, olasa pakati pa phokoso. Koma mcere uopa zinthu ziwiri, kutentha ndi cinyezi. Itasiyidwa pa dzuwa la Okutobala, kapena m'nyumba yonyowa ya ku Kanyama nthawi ya dzinja, ikhoza kufa osaukanso.

Yacitatu ndiyo ya maginito. Ku nembanemba yace kwamatidwa kawaya kokulungakulunga, kamene kamayenda pakati pa maginito nikapanga magetsi. Sifuna batire, ndipo ipirira pfumbi, kutentha ndi kugwa. Mau ace ndi odzaza bwino. Ndiyo imene muiona kawirikawiri m'manja mwa alaliki ndi oyimba.

Yacinai ndiyo ya riboni, kansaru ka citsulo ca aluminiyamu kopyapyala kopambana pepala, kolenjekeka pakati pa maginito. Nyumba za wailesi za masiku a Nkhata zinali kuikonda, cifukwa imakometsa nyimbo. Koma ndi yosalimba: kuiuzira mpweya mwamphamvu kukhoza kuiononga, ndipo munthu akaiyandikira imacurukitsa besi.

Yacisanu ichedwa electret. Anaikonza ndiwo Gerhard Sessler ndi James West ku Bell Laboratories, ku America, mu 1962. Ndi yaing'ono ngati nyemba, yochipa, ndipo ifuna magetsi pang'ono okha. Imamva msanga, ngakhale kunong'ona, nituruka ndi mau oyera.

Nanga yopambana ndi iti?

Yankho lace litsata malo. M'cipinda ca wailesi yaikuru makoma aphimbidwa ndi zofewa, ndipo muli zii. M'komboni simuli comweco. Ku Chawama cigayo ciri kulira, ku Matero mabasi ali kuliza mabelu, ku Kalingalinga amisiri ali kudula zitsulo za zitseko, ndipo mvula ikagwa pa malata a ku George munthu samva ngakhale mnzace wokhala naye pa mphasa. Maikolofoni yakumva kwambiri imatola zonsezi niziponya kutsidya kwa nyanja pamodzi ndi mau a mwini wace. Pamalo otere ya maginito, yogwiridwa pafupi ndi pakamwa, kawirikawiri imaposa ya mtengo wapatali, pakuti imamva wapafupi nisiya zakutali.

Kuyesa kolungama

Munthu sangaweruze mau ace omwe, cifukwa amadzimva kupyolera m'mafupa a mutu wace. Woweruza ndiye womvera wakutali. Okonda wailesi amapatsana manambala awiri. Yoyamba, kuyambira 1 kufikira 5, inena kamvekedwe: 1 ndiko kusamveka konse, 5 ndiko kumveka liu liri lonse. Yaciwiri, kuyambira 1 kufikira 9, inena mphamvu. Munthu akhoza kulandira 9 pa mphamvu ndi 3 pa kamvekedwe. Ameneyo ali kungosokosera.

Poyerekeza maikolofoni ziwiri, wolankhula akhale yemweyo, mau akhale omwewo, mtunda wa pakamwa ukhale womwewo, ndipo ziyesedwe motsatizana mlengalenga musanasinthe. Womvera asauzidwe dzina kapena mtengo wa maikolofoni. Angouzidwa kuti "yoyamba" ndi "yaciwiri", kuti mtima wace usakondere.

Ngakhale maikolofoni yabwino imaonongeka ndi mlankhulidwe woipa. Wopfuula amaswa mau ace, nasefukira m'njira za anzace. Wodziwa amaiika zala ziwiri kapena zitatu kucokera pa milomo, cammbali pang'ono, nalankhula mofatsa. Lemba likabvuta amalichula ndi liu lodziwika pa dziko lonse: F ndi Foxtrot, S ndi Sierra. Inunso mukaitanidwa kunena ndakatulo pa msonkhano wa sukulu, kumbukani kuti maikolofoni singakonze mau amene mwawameza.

Mafunso ndi zocita

1. Cifukwa ninji okonda wailesi satumiza besi wambiri?
2. Ndi maikolofoni iti imene iopa cinyezi? Nanga yoopa mpweya?
3. Pezani mau ena awiriawiri osiyana pang'ono, monga "kuponya" ndi "kuphonya".
4. Mnzanu aime kutsidya kwa bwalo la mpira. Mumuuze mau amenewa, poyamba mutaphimba pakamwa ndi nsaru, kenaka osaphimba. Iye akupatseni nambala kuyambira 1 kufikira 5.