Makhololo akatseka njira ya mpweya

Amayi anzanga, inu amene mumayendera odwala m'miphakati mwanu, mukamva wodwala akupuma mokoka ndi kulira m'chifuwa, musangoti ndi chimfine. Nthawi zina makhololo amalimba n'kutseka kanjira kolowetsa mpweya m'mapapo. Gawo la mapapo lomwe lili kuseri kwa potsekekapo limafwapa, ndipo tizilombo timaswana m'menemo mpaka kuyambitsa chibayo.

Vutoli limakonda anthu a mphumu, ana aang'ono, agogo ogona nthawi yaitali ndi amene achitidwa opaleshoni. Monga mzamba, ndimadandaula kwambiri ndi mayi wobereka ndi mpeni. Amaopa kutsokomola kuti bala lingatseguke, ndipo omudikirira amamuuza kuti angogona phee. Ulusi wa adokotala suduka ndi chifuwa, amayi. Mupatseni mtsamiro kapena chitenje chopinda, apanikize pabalapo, apume mokoka kangapo, kenako atsokomole. Anamwino akamulola kudzuka, muyendetseni pang'onopang'ono ngakhale akudandaula ululu.

Kuchipatala timamvetsera m'chifuwa, ndipo mbali yotsekeka imamveka mpweya wochepa. Kachipangizo kopana pachala kamatiuza mpweya wa m'magazi. Ukatsika pansi pa 90, wodwala amafunika okosijeni. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa gawo lofwapa. Chithandizo ndi mankhwala opumira monga salbutamol otsegula njira, nthunzi ya madzi a mchere yofewetsa makhololo, kapena kuwayamwa ndi kapaipi. Zikakanika, madokotala a m'zipatala zikuluzikulu amalowetsa kapaipi ka kamera n'kuchotsa chotsekacho.

Kunyumba mwetsani wodwala madzi ofunda pafupipafupi, khanda liyamwe, ndipo onse akhale kutali ndi utsi wa nkhuni. Wogona mum'tembenuze maola awiri aliwonse. Muthanso kumugogoda pamsana ndi dzanja lopinda ngati kambale, m'mbali mwa nthiti osati pafupa la msana, asanadye. Ngati akulavula magazi, musatero. Mankhwala oletsa kutsokomola a pagolosale ndi oti muwasiye, poti kutsokomolako ndi kumene kumatulutsa makhololo.

Mwana mumuwerengere mpweya kwa mphindi imodzi ali chete. Wosakwana miyezi 2 akafika ka 60, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka mpaka zaka 5 ka 40, kapena pansi pa nthiti pakulowa m'kati, kapena milomo yasintha mtundu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Wamkulu amene watsokomola masabata awiri apereke makhololo ayezedwe TB.