Cobvala ca Ninja ca Mwana Cingapangidwe Panyumba Popanda Kusoka

Ana ambiri amene amaonerera mafilimu a karate amaumiriza makolo ao kuti awagulire cobvala ca ninja. Cobvala cimeneci cingapangidwe panyumba ndi zobvala zakale, popanda singano kapena makina osokera, malinga ngati kholo lisamala kuti mwana azipuma ndi kuona bwino.

Aninja anali azondi a ku Japan amene atsogoleri ankhondo anali kuwalemba nchito, maka-maka m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500. Madera a Iga ndi Koka ndiwo anachuka nao kwambiri, ndipo mu 1581 Oda Nobunaga anagonjetsa Iga ndi gulu lalikulu lankhondo. Akatswiri a mbiri yakale amanena kuti kawiri-kawiri azondiwa anali kubvala ngati alimi, amalonda kapena ansembe, kuti asadziwike. Ambiri a iwo amakhulupirira kuti cobvala cakuda bii cinacokera m'masewero a kabuki, mmene anthu osuntha katundu pabwalo anali kubvala zakuda kuti oonerera asaike maso pa iwo. Mafilimu monga Enter the Ninja ya mu 1981 ndi American Ninja ya mu 1985 ndiwo anacifalitsa m'maiko ambiri.

Zofunika ndi masikipa awiri akuda, buluku lakuda, masokosi aatali ndi kansalu kofiira. Ngati m'nyumba mulibe, zonsezi zimapezeka pa salaula.

Sikipa yoyamba ndi buluku mwana amabvala monga mwa masiku onse, ndipo miyendo ya buluku amailowetsa m'masokosi. Kansalu kofiira, ngakhale cidutswa ca citenje, kamakhala lamba wa m'ciuno.

Sikipa yaciwiri ndiyo ya kumutu. Kholo limaitembenuza kuti zolembedwa zibisike, kenaka limabveka mwana mosatsitsa mpaka pakhosi, kotero kuti nkhope yake ionekere pa cibowo ca khosi. Manja a sikipa amamangidwa kumbuyo kwa mutu. Nsalu ya pamwamba imatsitsidwa pamphumi, ya pansi imakwezedwa kufika pamphuno, ndipo maso okha ndiwo amatsala poyera.

Apa m'pamene pafunika cisamaliro. Mfundo ikhale imodzi yokha, yosabvuta kumasula, ndipo cala ca munthu wamkulu cizitha kulowa pakati pa nsalu ndi tsaya. Nsalu yopyapyala ya thonje ndiyo yabwino, cifukwa ya nailoni imatentha, maka-maka m'mwezi wa October. Mwana wocepa kwambiri, kapena wodwala mphumu, asaphimbidwe pakamwa ndi pamphuno. Kwa iye kansalu komanga pamphumi n'kokwanira. Pakhosi pasadutse cingwe ciliconse, ndipo mwana asagone atabvala cakumutuco.

Lupanga lidulidwe ku katoni, nsonga yake ikhale yobulungira. Ndodo, waya ndi zidutswa za malata zingalase mnzake m'diso, ndipo diso likaonongeka silibwerera.

Ngozi ina ili pamseu. Cimene cinabisa anthu a kabuki pabwalo cimabisanso mwana kwa woyendetsa motoka dzuwa likalowa. Pa cifukwa cimeneci masewera a ninja ayenera kucitikira pakhomo, kukali kowala, munthu wamkulu ali pafupi.