Nyama ndi Asidi wa m'Magazi

Ndamva ambiri akunena kuti munthu wodya nyama tsiku ndi tsiku magazi ake amawawasa. Koma ine, nditaisinkhasinkha nkhaniyi, ndaona kuti Mlengi anaika alonda awiri m'thupi, mapapo ndi impso, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo iwowa usana ndi usiku amasunga muyeso wa magazi, wotchedwa pH, pakati pa 7.35 ndi 7.45. Zoonadi, nyama ili ndi sulufule, ndipo ikagayidwa imabala asidi, koma impso zimamtayira m'mkodzo, kotero kuti chosintha ndi mkodzowo, magazi ayi.

Mwachitsanzo, m'chaka cha 1928, Vilhjalmur Stefansson, amene anakhalapo pakati pa Ainuit, analola madokotala a chipatala cha Bellevue ku New York kumuyang'anira chaka chathunthu akudya nyama yokhayokha, yonona ndithu, ndipo anatsiriza ali wathanzi.

Komabe sindingabise kuti mkodzo wa asidi wambiri ndiwo nthaka imene timiyala ta m'impso timamerapo, ndiponso kuti amene impso zake zafooka sangasenze mtolo wotere. N'chifukwa chake ine, pambali pa nyama yootcha, ndimaika kambale ka nkhwani kapena bonongwe, popeza masambawa ali ndi mchere wa potaziyamu umene umaziziritsa asidiyo.