Cenjerani ndi Mtobvu

Inu eni nyumba, mverani mau awa, pakuti anena za ana anu ndi zoweta zanu.

Mtobvu muudziwa: ndico citsulo cotuwa, cofewa ndi colemera, cimene cidzaza m'kati mwa batire la galimoto. Masiku ano mabatire otere acuruka m'midzi cifukwa ca magetsi a dzuwa, ndipo batire likatha mphamvu ambiri angolitaya kuseri kwa khola, ena naliswa pa bwalo kuti agulitse za m'kati mwace. Apo ndipo payambira tsoka, pakuti mtobvu ndi ciphe. Suola m'nthaka monga manyowa, ndipo ukalowa m'thupi ukhala m'mafupa zaka zambiri.

Zimene zinaoneka kwa anzathu

M'caka ca 2010, m'dera la Zamfara, kumpoto kwa Nigeria, abakha anayamba kufa m'midzi, koma anthu sanalabadire. Anthuwo anali kukumba miyala ya golidi nakaipera kunyumba, osadziwa kuti m'miyalamo munali mtobvu wambiri. Pfumbi lace linagwera posewera ana, ndipo ana ofika ngati 400 anamwalira. Poyamba ambiri anayesa kuti ndi malungo. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar, m'dziko la Senegal, ana 18 anafa m'zaka za 2007 ndi 2008, cifukwa akuru anali kusefa dothi la pamalo poswera mabatire. Ngakhale ku Kabwe, m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa mtobvu unatsekedwa m'caka ca 1994, pfumbi lace lidwalitsabe ana kufikira lero.

Kuzindikira pa ng'ombe

Kawirikawiri khola ndilo liyamba kucenjeza. Ng'ombe, makamaka ana ace, zikonda kunyambita batire losweka ndi utoto wakale wokanganuka. Yodya mtobvu icita khungu, ikukuta mano, ituruka thobvu kukamwa, ilira kosaleka, iyenda mozungulira kapena kukanikiza mutu pa mtengo, kenaka igwa niphupha. Mwana wa ng'ombe akhoza kufa tsiku limodzi kapena awiri. Zizindikiro izi zifanana ndi za ciwewe. Cifukwa cace musapise dzanja m'kamwa mwace. Itanani mlangizi wa zoweta msanga. Iye adziwa za jekeseni wocotsa mtobvu ndi mcere wa Epsom woimwetsa. Zinzace zicotseni pamalopo. Mkaka wa ng'ombe yodwalayo musamwe, ndipo ikafa ikwirireni. M'ciwindi ndi m'impso mwace ndimo muunjikana ciphe.

Kuzindikira pa anthu

Mwana ndiye ali pa ngozi koposa, pakuti akwawa pansi nalonga zala m'kamwa, ndipo matumbo ace alandira mtobvu kuposa a munthu wamkuru kanai kapena kasanu. Amva kupweteka m'mimba, adzimbidwa, asanza, akana cakudya, ayezuka m'maso ndi m'manja cifukwa ca kucepa kwa mwazi, alira-lira kapena kungoti zii. Ciphe cikacuruka aphupha nakomoka. Koma dziwani icinso: mwana wina saoneka wodwala konse, cikhalireco nzeru zace zirikuonongeka, ndipo mudzazizwa pomuona alikulephera ku sukulu.

Wamkuru amva mutu ndi kupotokola kwa m'mimba. Dzanja lace lilefuka pa mfundo, ndipo nthawi zina mzere wobiriwira modera uoneka pa usinini. Mkazi wapakati akhoza kupita padera, ndipo mtobvu wa m'thupi mwace ufika kwa mwana wosabadwayo.

Macizidwe ace

Musataye masiku ndi kuombeza, pakuti nthendayi siicokera kwa munthu. Pitani naye ku cipatala, ndipo muuze dotolo poyera kuti, "Kwathu tiswa mabatire," kapena, "Tipera miyala ya golidi." Mukabisa, iye adzafuna malungo, ndipo nthawi idzatha. Cotsimikiza nthendayi ndi kupima mwazi. Pa muyeso wao, ukafika pa 5 pafunika kulondola kumene mtobvu ucokera; ukafika pa 45 mwa mwana, ampatsa mankhwala ogwira mtobvu ndi kuuturutsa m'mkodzo, monga ochedwa DMSA. Awa ndi a ku cipatala kokha. Mwana mmodzi akapezeka nao, abale ace onse apimidwe. Mankhwala apulumutsa moyo, koma sabweza nzeru zoonongeka, ndipo apita pacabe ngati mwana abwerera ku pfumbi lomwelo. Ku Zamfara anayamba apala dothi la pa mabwalo ndi kuthirapo lina labwino.

Zoyenera kucita

1. Batire lakutha musaliswe. Libwezeni lamphumphu kwa ogulitsa; podikira, likhale potsekeka, kutali ndi ana ndi zoweta.

2. Musasungunule mtobvu pa mudzi, kapena mu mphika wophikira.

3. Miyala ya ku mgodi isaperedwe kunyumba, isalowenso mu mtondo kapena pa cigayo ca cimanga.

4. Wogwira nchito zotere asambe ndi kusintha zobvala asananyamule mwana.

5. Wazani madzi musanasese, ndipo ana asambe m'manja asanadye.

6. Pamalo panaswedwa batire musabzalepo ndiwo, musamangepo khola. Madzi akalowa mtobvu, kuwiritsa sikuucotsa.

7. Ana adye mokhuta nyemba, bonongwe, usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yace yofewa, pakuti m'mimba mopanda kanthu mulandira mtobvu wambiri.

Tsono lero lomwe, dzuwa lisanalowe, zungulirani nyumba yanu ndi khola lanu, muyang'anenso ku dzala. Mukapeza batire lotayidwa, licotseni, ndipo mukauze mfumu ndi anansi anu, pakuti ana a mudzi asewera pa bwalo limodzi.