Safari Rally: Liwiro la M'matope a ku Kenya

M'chaka cha 1953, pamene maiko olamulidwa ndi Angerezi anali kukonzekera kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II, amuna ena okonda magalimoto anapangana kuti chikondwerero chawo chikhale liwiro lodutsa m'misewu yafumbi ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Ndipo mpikisanowo, umene poyamba unatchedwa East African Coronation Safari, ndiwo ukudziwika lero ndi dzina lakuti Safari Rally.

Popeza ulendowo unali wa makilomita zikwizikwi, ndiponso unkachitika pa nyengo ya Pasaka, pamene mvula imavumba kolimba kumeneko, adani enieni a woyendetsa anali matope, mitsinje yosefukira ndi nyama zakuthengo, kotero kuti m'chaka cha 1963 magalimoto asanu ndi awiri okha ndiwo anafika kumapeto. Kuthamanga si kufika, anatero akale. Akatswiri a ku Ulaya, ngakhale anadza ndi chuma ndi amisiri awo, anabwerera chimanjamanja kufikira 1972, pamene Hannu Mikkola wa ku Finland anapambana. Koma ulemu woposa, m'kuona kwanga, uyenera eni dera, Joginder Singh amene anapambana katatu, ndi Shekhar Mehta amene anatero kasanu.

Mpikisanowu unalowa m'ndandanda wa mipikisano ya dziko lonse lapansi mu 1973, nuchotsedwamo chitatha chaka cha 2002, kufikira unabwezeretsedwa mu 2021 kufupi ndi Naivasha, m'misewu yaifupi yotsekedwa kwa anthu wamba.