Wafika mpaka ku yunivesite, koma kuwerenga kukumusautsabe

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, pamakhala ena amene amamaliza tsamba limodzi la buku anzawo atawerenga kale masamba angapo. Si aulesi ayi. Maso awo ndi abwinobwino, ndipo mukawafunsa pakamwa amayankha mokhadzula. Vuto lawo limatchedwa dyslexia, dzina limene dokotala wa maso wa ku Germany, Rudolf Berlin, anagwiritsa ntchito mu 1887. Ndiye funso nali: munthu wovutika kuwerenga angadutse bwanji PSLCE, JCE ndi MSCE popanda wina kuzindikira?

Tiyambire pa phiri lathu la Mphunzi. Zojambula za m'mapanga, zimene zili m'dera la Chongoni lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zikutikumbutsa kuti anthu anayamba kalekale kujambula ndi kumva tanthauzo la zithunzi. Kulemba n'kwa dzulodzuloli, zaka pafupifupi 5,000 zokha. Choncho ubongo subadwa ndi gawo lowerengera. Umabwereka gawo loona zinthu ndi gawo lomva chilankhulo, n'kumanga mlatho pakati pake. Kwa munthu wa dyslexia, mlathowu ndi umene umavuta: kuphwanya liwu m'timaphokoso take, monga ch-i-m-a-ng-a, n'kulumikiza kaphokoso kalikonse ndi chilembo chake mwachangu.

Ambiri amaganiza kuti dyslexia ndi kusokoneza b ndi d basi. Zimenezo ana ambiri amachita akamayamba kulemba, pakuti kapu ukaitembenuza imakhalabe kapu, pamene b ukamutembenuza wasanduka d. Phata la vutoli ndi maphokoso aja.

Apa ndiye pali nkhani yokoma. Mu 2001, Eraldo Paulesu ndi anzake anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science. Anayeza anthu a dyslexia ophunzira mpaka kukoleji a ku Italy, France ndi England, n'kujambula ubongo wawo akuwerenga. Onse anali ndi gawo limodzimodzi la kumanzere kwa ubongo limene silinkagwira ntchito mwamphamvu ngati la anzawo. Koma a ku Italy ankalakwitsa pang'ono powerenga kuyerekeza ndi enawo. Chifukwa chake? Chitaliyana chimalembedwa mmene chimamvekera.

Chichewanso chili choncho. Mwana akadziwa ba be bi bo bu, amatha kukwawa nawo mawu mpaka kumapeto, ngakhale pang'onopang'ono, ndipo m'kalasi lodzaza mphunzitsi sangaone kuti mwanayu akuchedwa kuposa muyeso. Kenako Chingerezi chimalanda maphunziro onse. Tatchulani mokweza mawu awa: though, through, tough, cough. Zilembo zinayi zomalizira n'zofanana, katchulidwe kosiyana konse! Apa mwana uja amayamba kuphunthwa, koma aliyense amangoti Chizungu n'chovuta kwa tonse. Iye amadzipezera njira: kumvetsera kwambiri m'kalasi, kuloweza manotsi, kuphunzira m'magulu. Kusekondale njirazi zimagwira.

Ku yunivesite zimatha mphamvu. Mphunzitsi salembanso manotsi onse pa bolodi, mitu ya mabuku yoti uwerenge imachuluka, ndipo ma assignment amafuna masamba ambirimbiri. Wophunzira amene kwawo ankatchedwa dolo amayamba kupeza ma supplementary, mwina mpaka kuchotsedwa, iye n'kumadziuza kuti nzeru zamuthera. Ine ndimati kumeneku n'kutaya anthu mwachisawawa.

Dyslexia ili ndi abale ake. Dyscalculia imasokoneza kumva kukula kwa manambala, moti wophunzira angafotokoze bwino lamulo lachiwiri la Newton koma n'kulephera kuona kuti yankho lakuti njinga ikulemera makilogalamu 1,500 silingatheke. Dysgraphia imagwira pa kulemba ndi dzanja. Munthu angakhale ndi limodzi kapena awiri mwa mavutowa.

Carol Greider, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009 pa kafukufuku wa telomerase, ali ndi dyslexia. Sanakhoze bwino mayeso olowera maphunziro apamwamba, ndipo mayunivesite ambiri anamukana asanatengedwe ku Berkeley. Musamve ngati dyslexia imapereka nzeru zapadera, ayi. Iye anangopeza anthu amene anayang'ana ntchito yake yonse, osati mayeso amodzi okha.

Kuno kwathu, koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa aphunzitsi othandiza ana ovutika kuphunzira, ndipo University of Malawi ku Zomba ili ndi malo othandizira ophunzira a zosowa zapadera. Koma vuto losaoneka ndi maso salithamangira ngati mwini wake sanena. Mankhwala a dyslexia kulibe, koma chithandizo chilipo: nthawi yowonjezera pa mayeso, kujambula mawu a mphunzitsi pa foni atavomera, mapulogalamu owerenga mokweza zolembedwa, ndi kulemba pa kompyuta.

Ngati mumamva msanga zinthu zikanenedwa koma zolembedwa zimakutopetsani kuyambira ku pulayimale, yambani mwakayezetsa maso ndi makutu kuchipatala. Zikapezeka kuti zili bwino, uzani aphunzitsi a kalasi lanu kapena ahedi musanalembetse mayeso a MSCE, kuti akulumikizeni ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera m'boma lino la Dedza.